Kamlonda m'bere la Esinati

Ndalota, ine ndalota, mtima mpaka pano ukuvinabe osakhala pansi!

Ndalota ndalowa m'bere la mwana wanga Esinati, lija adokotala anapezamo chotupa. M'katimo muli dimba lofunda, lonunkhira mkaka. Pakati pali dzungu, likumwa madzi, likufufuma. Madziwo ndi aja adokotala anati mahomoni a uzimayi, chakudya cha chotupacho.

Pansanja pakhala kamlonda kochepa ngati nyerere, kapuloteni kaja adokotala amati kamanunkhiza adani m'thupi. Dzanja ili kagwira chingwe cha zitini, ngati woingitsa mbalame m'mapira. Dzanja linalo, mayo ine, kagwira chipanda, kakuthirira dzungu!

Ndinati, "Iwe kamwana, uli mbali iti? Bere ili linayamwitsa adzukulu anga atatu."

Kanandiyang'ana, kanatula chipanda, n'kukoka chingwe. Ngwee, ngwee! Asilikali a m'thupi anabwera akuthamanga, ine nthungululu.

Kutacha ndamuuza Esinati akumeza piritsi lake, poti mawa akukayezetsa ngati chotupa chaphwa. Waseka.

"Amayi, puloteni ilibe makutu."

"Ilibe makutu? Nanga chipanda chija kanatuliranji?"

Wangotenga dzanja langa n'kuligoneka pachifuwa pake.