Zelesi ndi agulugufe a Hilary

"Musagwedezeke, amake Emma! Onani, mwamuthawitsanso!"

Zelesi anali atanjuta m'dambo, mbale ya nthochi zowola zokopera agulugufe ili m'manja, linthumbu likumuluma m'miyendo. Mwamuna wake, Hilary, anali atawerama ndi kamera pa duwa limene gulugufe anali atachokapo kale.

"Uja ndi wachikasu wamba," anatero Zelesi. "Si amene mukufunayo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani chete."

Linali dzinja la 1953. Hilary anafika kwawo ku Champiti pa Khirisimasi kuchokera ku Joni, atatha zaka zisanu ndi zinayi osalemba kalata ngakhale imodzi. Anasiya Zelesi ali ndi pakati, anadzapeza mwanayo akutunga yekha madzi. Chifikireni khasu sanaligwire. Ankati atasiya za mgodi analowa ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina wolemba buku la agulugufe, ndipo mzunguyo anamubwereka kamera kuti akajambule gulugufe wamkulu wakuda, wa mzere wobiriwira, wa m'mapiri a ku Ntcheu.

"Mukamujambula, ndiye kuti mwakhala?" Zelesi anafunsapo tsiku lina.

"Nanga ndipitenso kuti? Chithunzi ndidzatumiza papositi."

Koma dzulo lake la tsiku la m'damboli, Zelesi akuyanika zovala za m'sutikesi zomwe zinayamba nkhungu, anapeza chithunzi m'thumba la jekete. Hilary atavala suti, mkazi wa chipewa atamutsamira paphewa, kamnyamata kali pamiyendo. Zelesi anaphunzirapo pang'ono ku sukulu ya mishoni ku Nzama, choncho anawerenga yekha za kuseri kwake: "Bwana akuti ukabwera naye gulugufe uja, nyumba ya kuseri ndi yathu. Fulumira, Julius akukufunsa. Ndine wako, Selestina."

Sanalire. Anamanga chithunzicho pansonga ya nsalu yake, n'kupitiriza kuyanika.

Tsopano, m'dambo muja, Zelesi anataya nthochi zija m'udzu, naimirira.

"Bambo a Emma, tikungopsa ndi dzuwa pano. Gulugufe wanuyo sakhala m'dambo. Ndimamuona kumene ndimazula bowa."

"Masabata onsewa osanena?"

"Simunandifunse. Munangoti ndinyamule mbale."

Anakwera phiri, nalowa m'nkhalango ya misuku, Zelesi patsogolo. Anatsetserekera kukamtsinje kumene mkuyu unkagwetsera nkhuyu zake pamchenga wonyowa. Zelesi analoza ndi mlomo.

Analipo oposa khumi, akuda bii, mapiko ngati chikhato cha mwana. Akatambasula, mzere wobiriwira unkang'anima ngati khosi la tambala. Hilary anavula nsapato. Anakwawa chamimba m'matope, osasamalanso za buluku lake loyera. Kamera inalira kuti tche. Anapotokola kachitsulo ka m'mbali, nasendera pang'ono, inaliranso. Gulugufe mmodzi anadzatera pankhuyu pafupi ndi chigongono chake, n'kutambasula mapiko onse ngati wachita kutumidwa.

Zelesi anakhala pamuzu, akuwerenga chamumtima kulira kwa kamera. Anafuna kuti Hilary ajambule zithunzi zonse, mtima wake ukhute kaye.

"Zisanu ndi zitatu!" Hilary anakuwa, agulugufe n'kubalalika. "Filimu yatha, yomalizatu imeneyi! Amake Emma, inu ndinu mkazi. Ndikugulirani duku ku Nsipe."

"Zikomo."

"Tagwirani kaye kamerayi, ndisambe matopewa. Musakhudze kachitseko ka kumbuyoku. Dzuwa likangoona filimu, zonse zapsa."

Hilary anatsikira m'madzi akuimba mluzu. Zelesi anayenda mpaka pathanthwe pamene panalibe mthunzi. Kachitsekoko kanavuta, anachita kukatsegula ndi chikhadabo. Anasolola filimu yonse, naiyala pamwala monga ayanikira mfutso, n'kutsindira nsonga zake ndi timiyala.

"Bambo a Emma," anaitana mofatsa, "tadzaonani."

Hilary anatembenuka. Mluzu unathera pakamwa. Anathamanga, naterereka, nadzuka, n'kudzaphimba filimu ija ndi malaya ake.

"Mwapenga? Mwandipha! Mukudziwa kuti filimu ina mpaka ku Blantyre? Pofika nayo kuno mvula itatha, agulugufe atapita!"

"Ndikudziwa."

Hilary anadzutsa dzanja kuti amumenye. Zelesi sanasunthe. Anamasula nsonga ya nsalu, namuonetsa chithunzi chija chapatali. Dzanja linatsika lokha.

"Amake Emma, imeneyo ndi nkhani yaitali. Ku Joni munthu sukhala wekha. Tikhale pansi."

"Ndakhala pansi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anu ndinawadwazika ndekha, ndinawaika m'manda ndekha. Anthu ankandinena kuti mkazi wa mtchona, ine n'kumakuikirani kumbuyo. Ndiye mubwere kudzandisenzetsa nthochi zowola kuti Selestina apeze nyumba?"

"Nanga bwana ndikamuuza chiyani?"

"Mukamuuze kuti choipa chitsata mwini. Selestinayo naye adikire, aone mmene chaka chimatalikira."

Hilary anakhala pamwala, filimu ili m'manja, akuiunika kudzuwa ngati angaonemo kanthu. Munalibe.

Zelesi anamanganso chithunzi chija pansalu. Sanadzere njira ya kunyumba. Anawoloka mtsinje, nalunjika kwa malume ake, a Goliati, nkhoswe ya ukwati wawo, kukawauza kuti sutikesi ya mkamwini wawo ikhala ili pakhonde dzuwa lisanalowe.