Mafuta a Akazi Amasiye

Ine Lance Heslop ndamanga madoko m'mayiko amene anthu akwathu ku Kelwick sangathe n'kutchula komwe mayina ake. Ndadyapo mpunga ndi manja pamodzi ndi akalonga a m'chipululu, ndagonapo mu hotela ya ku Singapore momwe munali munthu wolembedwa ntchito yonditsegulira chitseko basi. Ndinachoka kwathu nditavala jekete la malemu bambo anga, ndipo ndinabwerako pa galimoto yotalika moti inkalephera kukhota mu Coble Street. Koma chinthu chimodzi chinandikanika zaka zonsezo: kuwachotsa mayi anga mumsewu umenewo.

Nyumba yawo ndi yomwe ija ndinabadwiramo, ya makoma otuluka thukuta chaka chonse. Mayi akalamba, ndipo chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chadzimbiri. Dokotala anandiuza mosabisa kuti akakhalamo nyengo ina yachisanu, tidzawanyamula m'bokosi.

Ndiye ndinagula bwalo lonse la a Ridsdale, pamene kale ankapangirapo sitima zapamadzi. Mukudziwa mmene Kelwick anakulira. Makolo athu ankaphika mchere m'mbali mwa mtsinje wa Kell. Mchere utasiya kugulidwa kunabwera malasha, malasha anakoka sitima zodzawanyamula, kenako banja la a Ridsdale linati sitimazo tizipanga konkuno. Nyundo zinalira zaka zoposa zana, mpaka tsiku limene zinangoti zii. Pamene ndinkabwerako, pabwalopo panali patamera tchire, ndipo anyamata amsinkhu wokwatira ankangoswera pa mlatho kulavulira m'madzi. Ine ndi amene ndinamangapo nyumba zosanjikizana, zagalasi, zoyang'ana kumtsinje. Ya pamwamba penipeni, yofunda usana ndi usiku, yokwera pa chikepe, sindinaigulitse. Inali ya mayi.

"Ndikatani kumwambako, Lanty? Ndine nkhunda ine?" anatero nditawauza, akunditchula dzina langa la paubwana.

"Amayi, mudzaona mtsinje wonse mpaka kunyanja."

"Mtsinjewo ndauona. Ndalowamo kumene."

Ndinawanyengerera miyezi. Tsiku lina ndinawafotokozera za mwambo wotsegulira nyumbazo. Ndinali nditapangitsa kasitima konyamula alendo, ndipo ndinkafuna kuti kalowe m'madzi monga zinkalowera sitima zakale: kutsetsereka pa matabwa opakidwa mafuta, malipenga akulira. Akatswiri anga ankati tipake girisi wa masiku ano. Ine ndinakana. Ndinaitanitsa migolo ya mafuta enieni a ng'ombe ndi nkhosa, aja oyera olimba.

Mayi anasiya kapu ya tiyi. "Mafuta enieni?"

"Enieni, amayi. Lance Heslop sachita zinthu za theka."

"Nanga atola ndani?"

Ndinaseka. Ndinachita ngati ndi nthabwala. Iwo anangoti, "Chabwino. Sitima yakoyo ikalowa m'madzi, ubwere ndi kiyi wako. Ndisamuka."

Ndinatuluka m'nyumbamo ndikuimba mluzu. Funso lawo lija ndinalisiya patebulo pomwepo, ngakhale kuti tanthauzo lake ndinkalidziwa kuposa munthu aliyense. Sitima ikatsetsereka, mafuta a pamatabwa ankagwera mumtsinje n'kumayandama zigamba zigamba, ndipo anali a akazi amasiye, aja amuna awo anafera pabwalopo. Palibe amene analemba lamulo limeneli. Zinkangodziwika. Amayiwo ankalowa m'madzi ndi ndowa ndi masefa, kunyumba n'kukasungunula mafutawo, kupanga sopo ndi makandulo ogulitsa. Bambo anga anagwa kuchokera pamwamba pa sitima ine ndili wamng'ono, ndipo nsapato zanga zoyamba zinachokera mu ndowa imeneyo.

Tsiku la mwambo, mwezi wathawu, Kelwick yense anabwera. Ndinali nditamanga nsanja yokutidwa ndi nsalu zofiira. Panali a meya ndi tcheni chawo m'khosi, panali akuluakulu a mabanki ochokera ku London, panali anzanga a ku Norway ndi ku Singapore amene ndinkafuna kuti agule nyumba zotsalazo. Pakati penipeni ndinaika mpando wa mayi, chifukwa iwo ndi amene anayenera kuswa botolo pamphuno pa sitima, monga mwa mwambo wolowetsa sitima yatsopano m'madzi. Ndinawagulira chipewa chanthenga. Galimoto imene ndinatumiza kukawatenga inabwerako yopanda munthu. Dalaivala anati, "Akuti njira ya kumtsinje akuidziwa, abwera okha."

Madzi a kunyanja anakwera n'kudzaza mtsinje, nthawi yolowetsa sitima n'kukwana, ndipo mtsinje suyembekeza munthu. Ndinalankhula, ndipo kunena zoona ndinalankhula bwino. Ndinayambira pa mchere, ndinadutsa pa malasha, ndinafika pa nyundo. Ndinati Kelwick wa mwaye ndi njala wapita, amene akubwera ndi Kelwick wa galasi. Anthu anawomba m'manja. Mpando wa mayi unali udakali wopanda munthu, choncho botolo anaswa ndi akazi a meya. Kasitima kanagwedera, kanatsetsereka, matabwa akufuka utsi, n'kugwera m'madzi ndi funde lalikulu. Malipenga analira. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe.

Ndipo m'pamene mnzanga wa ku Norway anandikodola. "Lance, anthu awo akutani?"

Kumunsi kwa nsanja, pa gombe la miyala pamene kale panali ziwaya za mchere, nkhalamba zingapo zinali kulowa m'madzi. Zinavala majasi akale ndi mipango kumutu, masiketi zitakwinyira m'mwamba, miyendo yoyera ngati ya nkhuku zosoledwa. Zinali kuwerama, kuwola zoyandama ndi masefa, kuthira m'ndowa. Akazi a mkulu wa banki anagwira pakamwa. Wojambula wa nyuzipepala anatembenuza kamera yake kuisiya sitima yanga.

Ndikanatha kumuyankha mnzangayo m'mawu ochepa. Koma ndinali nditangolengeza kumene kuti njala yapita ku Kelwick, ndipo nayi inali kuyenda m'madzi pamaso pa ogula anga. Chimkuzamawu chinali chidakali m'manja mwanga. Ndinachikweza, ndikumwetulira monga ndimachitira pa madyerero, n'kunena kuti, "Alonda, tawathandizani agogo awo atuluke. Kuno si kotolako zinyalala."

Mawu anga anamveka mpaka kutsidya. A ku London anaseka. A ku Kelwick sanaseke. Malipenga anasiya limodzi limodzi, ndipo m'chetechete ameneyo ndinaona mpango wobiriwira wa silika pamutu pa mmodzi wa amayiwo. Ndine ndinawagulira mayi anga mpangowo, ku Singapore.

Alonda anali anyamata olembedwa kuchokera kutali, osadziwa kanthu za kuno. Mmodzi anali atafika kale m'madzi n'kugwira chogwirira cha ndowa ya mayi. Iwo sanaisiye. Anakokana pang'ono, mafuta anakhutukira mumtsinje, mayi n'kugwada ndi bondo limodzi m'madzi ozizira aja.

Mmene ndinatsikira pansanjapo sindikukumbuka. Ndinangozindikira ndili m'madzi ndi nsapato zanga za ku Italy. Bella Stobbs, mnzawo wa mayi kuyambira ali atsikana, anali atawadzutsa kale.

"Taonani amene wabwera," anatero Bella. "Bwana mwini mtsinje. Mwabwera kudzatimanga, achimwene?"

"Azakhali Bella, sindinadziwe kuti..."

"Sunadziwe chiyani? Unkaima pamwala uwo, mamina ali chuu, utagwira ndowa yomweyi. Lero mphuno yauma ndiye waiwala?"

"Musiye, Bella," anatero mayi. Mawu awo anali osalala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumene madzi anandilekeza. "Ridsdale wamkulu anali munthu woipa, Lanty. Abambo ako atagwa, anatidula malipiro a tsikulo chifukwa sanamalize ntchito. Koma sitima ikalowa, ankatembenuka n'kutipatsa msana kuti titole mosachita manyazi. Sanathamangitsepo mkazi wamasiye pamtsinje uno."

"Amayi, tiyeni mukafunde. Nyumba ija ndi yotentha, ili pompano." Ndinatulutsa kiyi. Ndinali nditammangirira kansalu kofiira.

Anakweza maso kuyang'ana magalasi a pamwamba paja. "Zenera lake limayang'ana kuti?"

"Kumtsinje."

"Pano pomwe?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye ndizidzuka m'mawa uliwonse kuyang'ana pamene mwana wanga anandiitanira alonda? Bweza m'thumba, ungamugwetse. Madzi ano sabweza chinthu."

Ndinavula jekete kuti ndiwafunditse, analikana. Ndinafuna kunyamula ndowa, Bella anandimenya padzanja. Amayiwo sanatuluke nthawi yomweyo ayi. Anapitiriza kutola mpaka ndowa zonse zinadzaza, ine nditaima pakati pawo ngati mtengo wa mlatho, Kelwick yense akuonerera. Kenako anakwera gombe pang'onopang'ono, ndipo khamu linawapatukira. Amuna okalamba amene ankagwira ntchito pabwalopo anavula zipewa. Pamene ndinkadutsa ine anazivalanso.

Nyumba zonse zagulidwa tsopano, kupatula imodzi. Wa ku Norway uja anagula ziwiri, akuti sanaonepo mwambo wokongola chotero, ndipo anafunsa ngati uzichitika chaka chilichonse. Ya pamwamba ija ndiyo ili chitsekere. Ndimalipira kuti izikhala yofunda.

Mayi anagona masiku angapo ndi chifuwa, Bella akuwadwazika. Ine ndinkapita tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku ndi tsiku Bella ankandiuza pakhomo kuti agona. Ndinatumiza amisiri kuti akakonze makoma onyowa aja. Anawapatsa tiyi n'kuwabweza.

Dzulo anandilola kulowa. Khitchini yonse inkanunkha mafuta osungunula, fungo limene ndinalithawa mpaka kutsidya kwa dziko. Mayi anakhala pafupi ndi moto atafunda bulangete, ataonda. Patebulo panali mipiringidzo ya sopo wotuwa, yodulidwa ndi waya. Anatenga umodzi, anaukulunga m'nyuzipepala ija ili ndi chithunzi changa nditaima m'madzi, n'kundipatsa.

"Za nyumba ija, amayi. Chisanu chayandikira."

"Ndikuchimva, thupi langa silinafe. Tenga sopoyo uzipita, Bella akufuna kukolopa."

Ndinayenda wapansi kutsika Coble Street, sopo ali m'khwapa, kiyi ali m'thumba. Makatani ankagwedera nyumba iliyonse imene ndinkadutsa, anthu akundisuzumira.