Alendo Okana Madzi

Masiku onsewa ali mbwee, wopenda nyenyezi n'kusankha Lachitatu kuti ndilo tsiku lamwayi! Limeneli ndilo tsiku limene a Tikiri Banda ankapita kuchipatala cha m'tauni kukasefetsa magazi pamakina, poti impso zawo zinali zitaleka ntchito. Ndipo ndilo tsiku limene akuchimuna ankabwera kudzaona mwana wawo Sewwandi.

Kusumalatha, mkazi wawo, anachonderera mpaka kukhosi kuuma.

"Bambo a Sewwandi, tiwauze abwere Lachinayi."

"Akafunsa chifukwa ndiye utani? Uwauza kuti apongozi akagona pamakina? Mwanayu akalamba pakhomo pano, ndakuuza."

Sankanama, ndipo n'chimene chinkamuwawa Kusumalatha. Anthu akumapiri ku Matale, kwawo kwa akuchimunawo, satenga mkazi m'nyumba ya odwala impso. Banja lina linali litabwerera kale pakhomo pomwepa litangomva mphekesera, mtsikanayo n'kulira mpaka maso kutupa. Choncho a Tikiri sanapite kuchipatala, anavala malaya a manja aatali, dzuwa likuswa mtengo, kubisa mtsempha wotupa wa pamkono pamene ankabayapo singano za makina.

Koma mawu a namwino sankachoka m'mutu mwa Kusumalatha. "Mayi, makinawa amachotsa zinyalala zoyandama zokha. Chiphe china chimakakamira ku mapuloteni a m'magazi ngati chisoso pansalu, n'kumadya mitsempha mwakachetechete. Odwala athu ambiri timawataya ndi mtima, osati impso. Asadumphe tsiku. Madzi a kokonati ndiye asayerekeze, mchere wake umaimitsa mtima."

Alendo anafika paminibasi yoyera: mnyamata Lahiru, bambo ake a Herath, ndi mayi ake a Podi Menike, mkazi wa maso oona paliponse. Sewwandi anawapatsa madzi m'matambula. Anangokhudza tambula ndi nsonga za zala, mwaulemu, osamwa. Tiyi nayenso anakana, ati amwa kale panjira. Bodza! Ankaopa chitsime, monga aopera onse ochokera kumapiri, poti amati madzi a m'zitsime za kuno ndiwo amapha impso.

A Tikiri anatenga chikwanje n'kusema kokonati ofiira a pamtengo wa kuseri. Amenewo alendo analandira ndi manja awiri.

"Aa, asewere," anatero a Herath akuseka, "ife timwe inu mukungotiyang'ana? Kapena mwatithiramo kenakake? Kwathu amati amuna a kuno anatha ndi impso, koma inu ndiye njati yeniyeni. Imwani nafe!"

Kusumalatha anaponya maso kwa a Tikiri. Amuna ake sanamuyang'ane n'komwe. Anapendeketsa kokonatiyo, gudu gudu gudu, mpaka dontho lomaliza, n'kupukuta pakamwa monyadira. Kenaka Lahiru, mwana waulemu zedi, anawerama n'kuwapatsa wachiwiri. Mkamwini ungamukanire pamaso pa makolo ake? Anamwanso.

Nkhani inayenda bwino, bwino kwambiri moti zinkachititsa mantha. Nyenyezi za anawo zinagwirizana. Anadya mpunga wa m'munda mwawo ndi nsomba zouma zamchere, a Tikiri akutapa ngati munthu wamoyo wake. Sewwandi ankamwetulira kuseri kwa katani, ndipo mayi ake anali asanamuonepo akuwala chonchi. Anayamba kukambirana za mwezi wa ukwati.

Ndi pamene Kusumalatha anaona dzanja. Zala za a Tikiri zinkalephera kukanda mpunga. Anazisisita pabondo, kenaka n'kusisita pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Anamuponyera mkazi wawo diso lija la m'banja, lija lotanthauza kuti tseka pakamwa.

Anatsekadi. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana amuna ake, mtima ukugawanika pawiri. Milomo ya a Tikiri inayamba kutuwa, ndipo a Herath atafunsa za zokolola, yankho linangothera pakhosi.

"Amuna angawa ndi apamakina!" Mawuwo anatuluka okha m'kamwa mwa Kusumalatha. "Impso zawo zinafa. Lero linali tsiku lawo. Chonde, tithandizeni minibasi yanu, akufa!"

A Tikiri anayesa kudzuka kuti amukalipire, koma miyendo inakana, anangoti khwethe pampando.

Kunena zoona, alendowo sanali anthu oipa. Lahiru anawanyamula yekha n'kuwagoneka pampando wakumbuyo, a Herath n'kuyendetsa ngati amisala pakati pa minda ya mpunga. A Podi Menike anakwinya mkono wa malaya aja kuti amve kugunda kwa mtima. Anaona mtsempha wotupa ndi zipsera za singano. Pansi pa zala zawo mtsemphawo unkanjenjemera, n'kuleka, n'kuyambanso mofooka.

"Pirirani bambo, tatsala pang'ono kufika," Sewwandi ankatero akulira, atatsamiritsa mutu wa bambo ake pamiyendo pake.

A Podi Menike sanasiye mkonowo. Anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kumaso, m'manja, mpaka mu akakolo, kufunafuna potupa. Ndiye anafunsa ndi mawu ofatsa, ngati achisoni.

"Mwana wanga, iwe umamwa chitsime chiti?"

Kusumalatha anafuna kumuyankhira, koma bodza linali litamuthera.

"Chomwecho cha bambo," anatero Sewwandi. "Chibadwire changa."