Dzina la Bambo pa Foni ya Amayi

Linali Loweruka masana, tili pabalaza ine ndi amayi. Foni yawo inkavuta, akati asake nyimbo pa intaneti inkangozungulira. Nditaikonza ndinafuna kuiyesa, ndiye mongocheza ndinalemba dzina lonse la bambo pamalo osakira paja.

"Tione ngati amuna anu ndi otchuka," ndinatero.

Amayi anaseka. "Wokonza mawotchi atchuke nacho chiyani?"

Choyamba kutuluka chinali chithunzi cha bambo, atavala jekete lawo lotuwa. Pansi pake panali dzina la msewu wathu ndi nambala yawo ya foni. Linali tsamba la gulu lina lothandiza anthu kupeza abale awo otayika. Pakamwa panga panathamanga, ndinawerenga mokweza ndisanaganize:

"Ndikufunafuna mwana wanga wamkazi. Ndinamusiya ali ndi miyezi inayi, ndisanakwatire. Pano ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Mwana wanga, undikhululukire."

Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti woyamba kubadwa ndine.

Amayi anandilanda foniyo. Anawerenga okha, kenako anaitana ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

"Bambo a kunyumba! Tabwerani kuno."

Bambo anatuluka m'kachipinda kawo kogwirira ntchito, magalasi ali pamphumi, kawotchi kotsegula kali m'manja. Ataona chithunzicho anakhala pamkono wa mpando.

"Zafika bwanji m'menemu?" anafunsa. "Anati amaona ndi mamembala okha. Ndinaika ndi nambala yachinsinsi yomwe."

"Yachinsinsiyo ndi yolowera, bambo," ndinayankha. "Koma mbiri yanu sinatsekedwe. Aliyense akalemba dzina lanu amaipeza."

"Aliyense?"

"Aliyense. Ngakhale makasitomala anu."

Bambo anagwira pakamwa. Amayi analoza tsiku lolembedwa pansi.

"Zaka zitatu! Dziko lonse lakhala likuwerenga, kupatula ine amene ndimakuchapirani jekete limenelo. N'chifukwa chake mkazi wa telala amandiyang'ana ngati wodwala?"

"Ndimaopa, mayi," anatero bambo motsitsa mawu. "Ndimati ndikuuzani ndikamupeza."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Fufuta, mwanangu. Fufuta zonse."

Ndinalowa patsambalo ndi nambala yawo yachinsinsi ija. Ndinapeza pochongera kuti mbiriyo isamaoneke kwa osaka, kabokosi kakang'ono kobisika pansi penipeni. Ndisanadine, amayi anandigwira dzanja.

"Chotsa msewu wathu ndi chithunzicho. Anthu asamabwere kudzatisuzumira pakhomo. Mawuwo ndi nambala ya foni uzisiye."

Bambo anadzutsa mutu.

"Sindikuchitira inu," anatero amayi. "Mwanayo sanalakwe. Akadzasaka dzina la bambo wake, apeze kanthu."

Amayi anatha sabata ziwiri osalankhula ndi bambo. Ngakhale ndinachichotsa, chithunzicho chinapitirizabe kutuluka kwa mwezi wathunthu chisanazimiririke. Mpaka lero mkulu wangayo sanaimbe, koma foni ya bambo ikalira ndi nambala yachilendo, tonse atatu timasiya zimene tikuchita.