Wailesi ya m'galimoto ya Merv

"Masula wailesiyo msanga dzuwa lisanatiwambe," anatero Mayi Noelene, manja ali m'chiuno, pambali pa galimoto ya malemu amuna awo, Merv.

Darryl, mwana wawo, anali chagada pansi pa chiwongolero, sipanala ili kukamwa. Mwambo wa maliro a Merv unali utatha, ndipo m'mawa mwake amayenera kulowa m'chipululu kukamwaza phulusa lake ku chitsime cha ng'ombe chimene ankachikonda. Darryl anali atabwera ndi foni ya setilaiti kuchokera ku Adelaide, ndiye chiwailesi chakale cholankhulirana chija ankachiona ngati katundu chabe.

"Foni iyi, Amayi, mungodina nambala, dokotala wayankha. Osati zokuwa ngati muli pamsika."

"Usandiuze ine. Zaka zonsezi tiyi wa bambo ako amazizira patebulo, iwo ali muno kucheza ndi mphepo. Chichoke!"

Lofty, woweta ng'ombe wa famu yoyandikana nayo, amene anabwera kudzagula wailesiyo, anakankhira chipewa kunkhongo.

"Mukatitimira mumchenga, foni imaitana munthu mmodzi, iyeyo ali kutauni. Pawailesi amamva aliyense, ngakhale amene ali kuseri kwa phiri lomweli."

"Ukutama chinthu chimene ukufuna kugula motchipa? Ndiwe wopusa, Lofty. Mtengo wakwera," anatero Mayi Noelene.

"Ndimve kaye ngati ikulira."

"Ikulira. Amene wasiya kulira ndi mwini wake."

Darryl anabwezera monyinyirika waya amene anali atamasula. Wailesi inasokosera ngati mafuta pamoto. Inali nthawi ya m'mawa imene mayi wina wa kutauni amaitana mayina a anthu onse a m'chipululu, aliyense n'kuyankha kuti wadzuka. Wina anati msewu wa kumtsinje ndi matope okhaokha. Wina anadandaula za tayala. Mayi Noelene ankangoyendayenda, kupukuta fumbi lofiira pagalasi, kuyang'ana kunyumba, kubwereranso.

"Clarrie?" anaitana mayi uja. "Clarrie, mukundimva?"

Zii.

"Chiyambire sabata yatha sitikuwamva agogo amenewa. Alipo amene wadutsa kwawoko?"

Koma pansi pa phokosolo panali timawu tating'ono ngati udzudzu. Mayi Noelene anaima.

"Ndilipo… ndilipo… Merv, uwauze…"

"Ndaninso ameneyo?"

Lofty anavula chipewa.

"Ndi Clarrie yemweyo. Amakhala yekha kumapeto kwa mpanda, kupitirira nyanja ya mchere. Kawailesi kake n'kofooka, kutauni sikafika. Mlongoti wautali wa wailesi ya Merv wokha ndi umene umakagwira. M'mawa uliwonse Merv amamumvera, n'kuwauza anzake kuti nkhalamba yadzuka."

"Bwanji osagula foni?" anafunsa Darryl.

"Aimbire ndani? Alibe munthu."

"Merv… wagona kodi, waulesi iwe?" timawu tija tinapitiriza. "Mapiritsi a mtima atsala pang'ono…"

Darryl anayang'ana pansi. Mayi Noelene anatukwana chapansipansi, anamukankha mwanayo, n'kukhala pampando umene unali utalowa m'kati malinga ndi thupi la amuna awo. Anatenga cholankhulira. Chibadwire anali asanachigwirepo.

"Ndidine pati, iwe?"

Asanayankhidwe anapaona okha. Pambali pake panali malo amene utoto unatha, osalala, a msinkhu wa chala chachikulu. Anaikapo chawo.

"Inu a kutauni, Clarrie ali moyo. Akufuna mapiritsi, mumve bwino, osati mawa." Anapuma. "A Clarrie, ndine Noelene. Merv kulibe, anatisiya. Tidutsa kwanuko mawa, ndidzakuuzani pamaso. Musafe tisanafike."



"Ndamva, mayi," timawu tija tinatero.

"Nanga malonda athu?" Lofty anafunsa motsitsa mawu.

"Kagule foni. Darryl, manga zonse wamasulazo. Foni yakoyo uiponye m'kabokosi, tiyenda nazo zonse."

Darryl anatola sipanala. Mayi wa kutauni anapitiriza kuitana mayina. Tiyi anali kuzizira patebulo, koma Mayi Noelene sanatsike. Anakhalabe momwemo, chala chili pamalo osalala aja, mpaka dzina lomaliza litayankha.