Khoma Lomwe Linasiya Kupuma

"Gwira apa," anatero bambo ake tsiku lomwe ankanyamuka, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anatenga dzanja lake n'kulikhazika pa njerwa za pakhonde, pomwe khoma limakhota ngati uta pamwamba pa khomo. "Izi ndinayala ndekha, imodziimodzi. Ukakaphunzira za nyumba za eni ake kumeneko, iyi usadzaiiwale."

"Bola dzanja ili lilipo, bambo, palibe adzaigwetse," iye anayankha. Anali mtsikana, ndipo kulonjeza kunali kosavuta.

Bambowo anali mmisiri womanga nyumba. Ndiwo anamupatsa dzina loti Injiniya ali kamwana kowanyamulira levulo yoyezera makoma, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka linasanduka ntchito yake. Anamwalira iye ali kunja. Za maliro anamva pa foni.

Tsopano anali atabwerera, imvi zitayamba, ataitanidwa ndi khonsolo ya mzinda kuti ayendere nyumba zakale za mumsewu womwe anakulira ndi kulemba zoyenera kusungidwa. Zotsala zinali zoti zigwetsedwe, msewu ukule. Holo ya kanema anaipeza ili malo oimika magalimoto. Pomwe panali sitolo ya mabuku panaima chinyumba cha magalasi okhaokha, chofanana ndi zina zomwe anaziona m'mizinda khumi koma osakumbukako ngakhale chimodzi. Kulikonse komwe ankapita, patali pang'ono kumbuyo kwake kunkabwera bambo wina wa ovolosi atanyamula chitini cha penti wofiira. Ankangodikira kuti Injiniya atuluke m'nyumba, amve zomwe walemba, kenaka ajambule mtanda pakhoma la nyumba yoti igwetsedwe kapena adutse.

Nyumba ya kwawo anaisiyira Lachinayi. Atafika anaima kutsidya kwa msewu. Njerwa zofiira zija kunalibe. Khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kuchipinda chapamwamba, linali losalala, lopakidwa penti wa oyilo wobiriwira, likunyezimira ngati mbale yatsopano.

"Alamu, mwaima ngati mwaona mzukwa!" anafuula mkazi wa mchimwene wake ali pawindo. "Lowani, kuno sitilipiritsa alendo ochokera kunja."

Mchimwene wake, telala, anatuluka m'shopu yake ya pansi, tepi ili m'khosi. Anali atakalamba mofanana ndi bambo awo, mpaka kayendedwe.

"Mwaiona, achemwali? Anzathu onse mumsewu muno nyumba zawo zikuyoyoka. Yathu yokha ndiyo ikuoneka ngati ya dzulo."

"Pulasitalayu munaika liti, achimwene?"

"Papita zaka khumi ndi ziwiri. Simenti yeniyeni, osati yosakaniza. Penti ndimabwereza chaka chilichonse."

Injiniya anapinda chala n'kugogoda khoma pafupi ndi khomo. Linalira ngati ng'oma. Anasuntha pang'ono n'kugogodanso. Chimodzimodzi. Mkati munamveka timchenga tikutsetsereka.

"Kodi kunjako amaodira chonchi?" anaseka alamu ake, amene tsopano anali atatsika. "Khomo lili apa, mayi, lotsegula kale."

"Chitseko ichi chimatsekeka?" anafunsa Injiniya.

"Chimavutako nthawi ya mvula," anatero telala. "Ndachipala kawiri."

"Katatu," anatero mkazi wake. "Chikumka chifupika ngati mwini wake."

Injiniya sanaseke. Anapempha hamala. Pansi pa uta uja anamenya kamodzi kokha, mosakweza mkono. Chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati thireyi chinagwa, ndipo fungo la chinyezi linatuluka ngati la m'chitsime chakale. Njerwa zinali zakuda. Anapisa chala pa imodzi, chala n'kulowa mpaka pakati. Atachitulutsa chinali ndi matope.

M'chipinda chapamwamba khanda linayamba kulira.

"Ndani akugona pamwambapa?"

"Mwana wathu wamkazi, ndi kakhanda kake," anatero alamu ake, mawu atatsika. "Bwanji?"

"Bambo anamanga ndi laimu," Injiniya anatero, akuyang'ana chala chake. "Laimu amalola khoma kupuma. Madzi akalowa, dzuwa likawala amatuluka. Simenti ndi penti wa oyilo zimatseka. Chinyezi chochokera pansi chakhala chikukwera zaka khumi ndi ziwiri, chilibe potulukira. Chipinda chapamwambacho chatsamira pa uta uwu, ndipo utawu ndi phala."

Telala analowa m'shopu. Anamumva akutsegula kabati ya pansi pa makina osokera. Anabwera ndi kalata yothethekera m'mopinda, n'kuitambasula pamaso pake.

"Dzanja ili ndi la ndani?"

Linali la Injiniya. Anailemba bambo atangomwalira, ali pa changu, pakati pa misonkhano iwiri. *Chonde achimwene, samalani khoma la kutsogolo. Madzi asalowe.*

"Madzi asalowe," anawerenga telala. "Ine ndine wosoka, achemwali. Mukandiuza kuti madzi asalowe, ndimasoka jekete la mvula. Za laimuzo munalemba pati? Foni munali nayo. Ndinakutumizirani chithunzi titamaliza, munayankha kuti mudzachiona bwino mukapeza mpata."

Chithunzicho anachikumbukira. Sanachitsegule.

Masana anapita ku ofesi ya khonsolo. Mlembi wa komiti, bambo wonenepa waulemu wambiri, anamumvetsera uku akusenda lalanje.

"Nyumbayo ingathe kupulumuka," Injiniya anatero. "Tichirikize uta ndi mitengo, tichotse pulasitala yense, khoma liume chilimwe chimodzi kapena ziwiri, tisinthe njerwa zowola."

"Mayi, fomu mwaiona." Anaitembenuzira kwa iye ndi chala chonyowa. "Mabokosi ndi awiri. Yolimba, isungidwe. Yoopsa, igwetsedwe. Bokosi la 'tidikire iume' kulibe. Ndandanda tikutseka mawa, ndipo ikalowa m'ndandanda palibe amaloledwa kukhudza khoma la kutsogolo mpaka komiti idzakhalenso, chaka chamawa."

"Ndiye kuti ndikailemba yolimba, siikonzedwa."

"Koma iima." Anaponya khoko la lalanje m'bini. "Ndi ya kwanu, tonse tikudziwa. Chongani loyambalo. Ndani angatsutse inu, ndi mapepala anu onse aja? Enafe tinaphunzira konkuno."

Potuluka anapeza kumwamba kutada mbali ya kummawa. Mphepo inali kuulutsa mapepala mumsewu, ndipo amalonda anali atayamba kufunditsa katundu wawo. Mvula yoyamba sinali kutali.

Kunyumba anapeza telala atatseka bowo lija ndi katoni, n'kuikapo mpando kutsogolo kwake.

"Mulemba kuti ndi yolimba," anatero, osati mofunsa. "Yaima zaka makumi asanu. Iimanso chaka chimodzi. Ine ndinalipo tsiku lija pakhonde pano, ndinakunyamulirani sutikesi. Ndinamva zomwe munawauza bambo."

"Achimwene, asamuke kaye a pamwambawa."

"Apite kuti? Mukawasamutsa, msewu wonse udziwa chifukwa chake, ndi khonsolo yomwe. Kapena mwabwera ndi nyumba ina m'chikwamamo?"

Alamu ake sanaseke ulendo uno. Anali atakhala pa masitepe, mdzukulu ali pamiyendo, maso ali pa denga la khonde. Injiniya anatsatira maso awo. Pakona panali mng'alu wopyapyala ngati ulusi, womwe m'mawa sanauone. Pa mpando uja panali patagwera kafumbi kobiriwira.

"Usiku nyumbayi imalira," anatero mayiwo, osayang'ana mwamuna wawo. "Ndimawauza, amati ndi makoswe."

Injiniya anakhala pa sitepe ya pansi, fomu ili pabondo. Anayang'ana uta uja nthawi yaitali. Pansi pa penti ankathabe kuona pomwe panali njerwa ya pakati, yomwe bambo ake anaisema masiku awiri kuti ikhale bwino. Kutsidya kwa msewu bambo wa ovolosi anali atatula chitini chake pansi, akuvundula penti ndi kamtengo.

Anachonga bokosi lachiwiri, nasaina.

Telala anavula tepi m'khosi, naipinda bwinobwino, nalowa kukamasula makina ake. Kuyambira tsiku limenelo sanamutchulenso kuti achemwali.

Mtanda unajambulidwa madzulo omwewo, madontho oyamba a mvula akugwa, ndipo penti wofiira anachucha pa wobiriwira mpaka pansi. Katapila anabwera Lachiwiri la sabata yachitatu. Uta unagwa pa kukankha koyamba. Chikalata cholamula kugwetsa anachikhoma pa mtengo wa magetsi, ndipo m'munsi mwake munali dzanja la Injiniya.