Foni Yochokera ku Joni

Abiti Sadiki anali ndi mwana pakhomo, koma ankadya okha ngati munthu wosabereka. Akaphika mpunga ndi nandolo n'kuitana, Husna ankayankha ali kuchipinda kuti, "Ndikubwera, amama." Kubwera kwakeko kunali kwa pakamwa chabe. Chakudya chinkazizira m'mbale, mwana maso ali pafoni.

Foniyo inachokera ku Joni. Amuna a Abiti Sadiki, a Nasiru, anaitumiza pa basi kuti aziona nkhope za banja lawo Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Inali foni yaikulu ya tachi, ndipo Abiti Sadiki, amene sukulu sanapite nayo patali, ankaopa ngakhale kuikhudza. Motero wosunga anali Husna, yemwe anali mu Fomu 4 pa sukulu yoyendera pafupi ndi Nsanama.

Kale mtsikanayu akaweruka ankakhala pakhonde n'kumawafotokozera amayi ake zonse, ngakhale za mphunzitsi amene wang'ambika thalauza. Tsopano ankaseka yekha, mutu uli chowerama. Abiti Sadiki ankasungulumwa kwambiri. Mwamuna ali kutali, mwana ali pafupi, koma onse awiri osowa.

Tsiku lina akugulitsa tomato pamsika wa Nsanama, panafika Madamu Goliati, mphunzitsi wa Husna. Atapatsana moni, aphunzitsiwo sanazungulire.

"Amayi, Husna akugona m'kalasi. Teremu yathayi walephera maphunziro anayi, mwana amene ankakhala pa nambala yabwino. Akapitiriza chonchi, mayeso a boma sakhoza."

Abiti Sadiki anagwira pakamwa. Zotsatirazo Husna anali atawauza kuti sizinatuluke.

"Ndi foni ija, Madamu. Ndikafika ndikaiponya m'chimbudzi!" Kenaka mawu anatsika. "Koma nanga abambo ake ndizilankhula nawo bwanji? Ine sindiitha. Khoswe wakhala pa mkhate."

"Iyayi, musaitaye," anatero Madamu Goliati akukhala pa thumba la makala. "Ndipo musaganize kuti ndi wanu yekha. Ndikalowa m'kalasi m'mawa, maso ofiira ndi ambirimbiri, anyamata ndi atsikana omwe, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti. Ena amabisa foni m'sokosi. Si kuti anawa ndi opusa. Chinthuchi chimakoka ngati fodya, ukachiyamba chimavuta kusiya."

"Ndiye ndimukwapule?"

"Mukamukwapula kapena kumulanda, azikabwereka kwa anzake. Mwinanso apeza mwamuna womugulira ina, apo ndiye mwawonjeza vuto. Khalani naye pansi, mumufunse chimene akusaka mmenemo. Mugwirizane kuti nthawi ya chakudya ndi yowerenga foni izikhala patali, ndipo isamagone kuchipinda kwake. Chinanso, inuyo muiphunzire. Inatumizidwa kwa nonse awiri."

Madzulo a tsikulo Abiti Sadiki anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kumuitana Husna kuti adzawathandize kusenda chinangwa. Anabwera akukoka miyendo, foni ili m'manja.

"Ndakumana ndi Madamu," anatero amayiwo.

Husna anakwinya nkhope. "Aja amangondida. Aliyense ali ndi foni, bwanji akuona ine ndekha?"

"Sindinakuitanire mlandu. Ndikufuna undiuze, mwanangu. Muli chiyani mmenemo choti mpaka uiwale kudya?"

Mtsikanayo ankayembekeza kukalipiridwa, osati funso lotere. Anakanda pansi ndi mpeni kwa kanthawi, kenaka misozi inayamba.

"Amama, anzanga onse anachoka: Fauziya anakwatiwa ku Liwonde. Thandizo anasamukira ku Balaka. Ababa ali ku Joni. Pafoni ndi pokhapo pamene ndimapeza anthu. Ndimati ndione pang'ono, n'kupezeka kuti kwada. Ndikaisiya ndimamva ngati ndatsala ndekha."

"Wotsala yekha ndine," anatero Abiti Sadiki mosakweza mawu. "Iwe uli m'nyumba momwemu, koma ndimakusowa ngati nawenso unakwera basi."

Husna anawayang'ana amayi ake, ndipo kanali koyamba pa miyezi yambiri kuwaonetsetsa. Amayiwo anali ataonda. Mtsikanayo anaika foni pamphasa, natola chinangwa.

Lachisanu mayi ndi mwana anawafotokozera a Nasiru zonse, ndipo bambowo anavomereza zimene anagwirizana. Foni inapeza malo ake m'dengu pamwamba pa kabati. Husna ankaitenga akaweruka, n'kuibweza dzuwa likamalowa.

Tisanamizane, sizinayende ngati madzi. Masiku oyamba Husna ankangozungulira m'nyumba, kupsa mtima ndi nkhuku zomwe. Tsiku lina m'mawa dengu linapezeka lopanda kanthu, foni ili pansi pa pilo. Abiti Sadiki mtima unawawira, koma anaugwira. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Tiyambirenso." Madamu Goliati atamva, anamulowetsa Husna m'gulu la ana a Fomu 4 amene ankawerengera limodzi Loweruka, ndipo kumeneko anapeza anzake ooneka ndi maso.

Nawonso amayi analowa sukulu yawo. Husna ankawagwira chala kuwaonetsa pokhudza, iwo n'kumadina mwamphamvu ngati akuyesa papaya. Tsiku lina amayiwo anawatumizira a Nasiru chithunzi cha phazi lawo mosadziwa. Bambowo anaimba kufunsa ngati ndi uthenga woti agule nsapato, ndipo mayi ndi mwana anaseka mpaka kugwira nthiti. Chiseko chotero pakhomopo chinali chitasowa.

Pang'onopang'ono tulo ta m'kalasi tinatha. Husna analemba mayeso, ndipo zotsatira zitatuluka dzina lake linali pakati pa okhoza. Sanapeze mapointi odabwitsa, poti nthawi ina inali itatayika kale, koma satifiketi anaipeza. Anathamanga kuchokera kusukulu mpaka pamsika, nawakumbatira amayi ake pamaso pa anthu, tomato n'kumwazika.

Amayi ena ogulitsa nawo anafunsa kuti anachita mankhwala anji, poti kwawonso ana anali atamezedwa ndi mafoni.

"Palibe mankhwala," anayankha Abiti Sadiki akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Ndinangomufunsa mwana wanga chimene chikumupweteka, ndipo anandiuza."

Vuto lokomedwa ndi foni lafala pakati pa ana asukulu, ndipo silisankha khomo. Kholo likaona mwana akugona m'kalasi, akudzipatula kapena akutsika m'maphunziro, lisathamangire ndodo. Lankhulani naye, ikani nthawi yogwiritsa ntchito foni, isagone kuchipinda kwa mwana, ndipo gwirizanani ndi aphunzitsi. Nthawi zambiri mwana amene sachoka pafoni amakhala akusowa womumvetsera, ndipo woyamba kumumvetsera akhale inu.